Tsiku Lomwe Ndinaphika Masokosi a Bambo Anga

Bambo anga ndi mlonda. Amanyamuka pakhomo dzuwa likamalowa, n'kubwerako m'mawa ana asukulu ali kale pamsewu. Kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo amene anagonako mwezi wa June kapena July akudziwa zomwe mphepo yotsika m'mapiriwo imachita pakati pa usiku. Ife ogona m'nyumba timangokoka bulangete. Mlonda alibe bulangete loti akoke. Ali ndi jekete, chipewa, ndi kamoto ka pambaula ngati abwana alola. Bambo amati thupi lonse limatha kupirira, koma mapazi ndiwo amayamba kugonja. Ikamakwana 3 koloko m'bandakucha, zala zakumapazi umangodziwa kuti zilipo chifukwa unabadwa nazo.

Achimwene anga aakulu ali ku Joni, amasamalira maluwa pakhomo pa munthu wina. Chaka chatha mvula itangosiya, anatumiza katundu kudzera mwa anthu aja amanyamula zikwama za Amalawi pa basi. Munali nsapato za amayi, foni yakale yomwe inagwera ine, ndi masokosi a bambo mapeyala awiri. Anali otuwa, okhuthala, ofika m'munsi mwa bondo, omangidwa ndi kapepala kolimba kodzaza malemba ndi tizithunzi. Kapepalako kanakolezera moto tsiku lomwelo. Masokosiwo anasanduka chuma cha pakhomo. Bambo ankavala peyala imodzi inayo ikupuma, ndipo ankawatchula kuti "a ku Joni aja", ngati akunena alendo olemekezeka. Anauza amayi kuti chiyambireni ulonda, aka kanali koyamba kuti tambala alire iwo akuzimvabe zala zawo.

Amene anawawononga ndine, mapeyala onse awiri, m'mawa umodzi wokha.

Unali mwezi wa July, ndili pa holide. Amayi anali kumaliro ku Liwonde, mlongo wanga ali kusukulu yogonera komweko. Zovala zakuda zinadzaza dengu, ndipo ndinafuna kusonyeza kuti mwana wa ku Chanco si waulesi monga amanenera anthu m'mudzi. Bambo anali mtulo. Ndinasonkhanitsa zonse: malaya, mathalauza, zitenje, masokosi anga a thonje omwe fungo lake linkandilonjera ndili pakhomo, ndi a ku Joni aja.

Njira yochapira ndinaiphunzira kuhositelo, ndipo ambiri a inu mukuidziwa. Lamulo lake ndi limodzi: chinthu chikanunkha kwambiri, madzi ake atenthenso kwambiri. Ndinawiritsa madzi, n'kuthira m'beseni, sopo waufa wodzaza dzanja, kenako jiki pang'ono kuti majeremusi adziwe kuti pafika munthu wophunzira. Ndinaponyamo masokosi onse n'kutakasa ndi mtengo ngati ndikuphika thobwa. Patatha ola ndinatsikira nawo kumtsinje, pamwala womwe timachapirapo tonse. Ndinawafikisa, kuwamenyetsa pamwala, kuwatsukuluza m'madzi ozizira a Domasi, kuwapotokola mpaka dontho lomaliza, n'kuwayala pathanthwe padzuwa.

Anga a thonje anatuluka bwinobwino, owala kuposa tsiku lomwe ndinawagula. A bambo anatuluka ena. Anali atakhwinyata mpaka kukwana m'chikhatho changa, olimba ngati chikopa chouma, mtundu utasanduka wachikasu mwa apo ndi apo. Ndinayesa kuwakoka, osatheka. Ndinawanyowetsanso n'kulowetsamo botolo kuti atambasuke, osathekabe.

Bambo atadzuka madzulo anawapeza pampando. Anatenga imodzi, kuitembenuza, kuyesa kulowetsa phazi, ndipo inathera pa zala. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafunitsitsa atatero. Iwo anangoti, "Wachapa ndithu, mwana wanga." Anaitana mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi n'kumupatsa. Kenako anavala masokosi awo akale a thonje, awiri phazi lililonse, n'kukwera njinga. Usiku umenewo kunagwa chiperoni, kamvula kaja kowaza kosatha, ndipo ine ndinagona m'bulangete ndikumva madontho padenga, tulo osabwera.

M'mawa mwake agogo, mayi awo a bambo, anamuona mwana uja akuthamanga pabwalo atavala masokosi a ku Joni. Anamuimitsa, kugwira sokosi imodzi ndi zala ziwiri, n'kundiitana.

"Iwe, tabwera. Tsitsi lakoli umalisambitsa ndi madzi owira?"

"Ayi, agogo."

"Umalithira jiki?"

"Ayi."

"Nanga la nkhosa lakulakwira chiyani?"

Agogo sanapite patali ndi sukulu. Kuluka anaphunzira ali mayi wachitsikana, m'gulu la amayi a Mvano pa mishoni ya Domasi, ija anayambitsa Alexander Hetherwick mu 1884. Koma funso lawolo linali ndi sayansi yonse yomwe ndinadzaipeza pambuyo pake ndikuwerenga pa foni. Ulusi wachilengedwe uli mitundu iwiri ikuluikulu. Wina umachokera ku zomera, monga thonje. Wina umachokera ku nyama, monga ubweya wa nkhosa ndi silika. Zomwe wa ku zomera umapirira, wa ku nyama umafa nazo.

Ubweya wa nkhosa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomweyo imene ili m'tsitsi ndi m'zikhadabo zathu. Kaulusi kalikonse kali ndi timamba tating'onoting'ono tosanjikizana ngati ta nsomba, tonse toloza mbali imodzi. Madzi otentha ndi sopo waukali zimatukula timambato. Ukayamba kufikisa ndi kumenyetsa, timaulusi timayenda mbali imodzi yokha, timamba n'kukolana, osabwereranso. Kuchoka m'madzi otentha n'kugwera mwadzidzidzi m'madzi ozizira kumawonjezera vutolo. Ndi mmene amapangira dala nsalu yolimba ya zipewa zina zija, ndipo ikapangika yapangika. Jiki ndiye amadya puloteni yeniyeniyo, n'chifukwa chake masokosi aja anachita chikasu n'kuyamba kuyoyoka. Sopo wina waufa amakhalanso ndi mankhwala ogaya madontho a magazi, mazira ndi thukuta, zomwe ndi mapuloteni, ndipo mankhwalawo sasiyanitsa dontho la dzira ndi ubweya wa sokosi. Pa zinthu zonse zomwe ubweya umadana nazo, palibe chomwe ndinasiya.

Ndinamvetsanso chifukwa chake bambo ankawakonda choncho. Ubweya ndi wopiringizika, umasunga mpweya pakati pake, ndipo mpweyawo ndiwo umatchinga kuzizira. Umatha kuyamwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa ukaugwira. Phazi la munthu limatuluka thukuta ngakhale kukuzizira, makamaka m'jombo. Thonje limamwa thukutalo n'kukhala nalo, kumata pakhungu, kuchedwa kuuma. Masana zilibe kanthu. Usiku wa July, sokosi ya thonje yonyowa imakoka kutentha kwa phazi n'kukutaya. Bambo atavala awiri phazi lililonse usiku uja, anangowonjezera nsalu yosunga madzi.

Ndisanyoze thonje, chifukwa masiku ambiri a chaka m'dziko lotentha ngati lathu ndilo bwenzi la phazi. Thonje likanyowa limalimba kuposa likauma. Silichita mantha ndi madzi otentha, sopo waukali, mwala, dzuwa kapena simbi yamakala. Apa ndi pomwe ndinasiya kudziona ngati chitsiru chenicheni. Kachapidwe komwe ndinakulira ndikukaona pamtsinje wa Domasi si kaumbuli. Ndi kachapidwe ka anthu odziwa thonje, ndipo talidziwa kwa nthawi yaitali. David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu m'midzi mwawo. Analemba kuti ankasiyanitsa thonje lachilendo, la manga, ndi lawolawo la ulusi waufupi, la kaja. Mpaka lero thonje timalima ku Balaka, ku Salima, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre yakhala ikuluka nsalu kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Koma nkhosa zathu zam'mudzi ndi zaubweya waufupi wosalukika, timaziwetera nyama. Sitinamete nkhosa, choncho sitinafunikire kudziwa kuchapa ubweya wake.

Chomwe chasintha ndi katundu amene ali m'madengu mwathu. Kaunjika ndi achibale a ku Joni atibweretsera zovala zolukidwira nyengo za anthu ena, ndi ulusi womwe agogo a agogo athu sanaugwirepo. Belo limodzi likatsegulidwa pa Songani kapena mumsika wa Zomba, mumatuluka thonje, ubweya, silika, pulasitiki ndi zosakaniza zake. Juzi ndi malaya zimabwera ndi kansalu pakhosi kofotokoza kachapidwe. Masokosi alibe. Malangizo ake amalembedwa pa kapepala komangira kaja, ndipo pa kaunjika kapepalako kanatsala kutsidya la nyanja. Kwathu kanafika, koma tinakolezera moto. Mwina panali kabeseni kokhala ndi dzanja, kutanthauza kuchapa ndi manja, kapena nambala 30, kutanthauza madzi osatentha kuposa pamenepo, ndi kachizindikiro ka ngodya zitatu kodulidwa ndi mtanda, kutanthauza kuti jiki asayandikire. Ine amene ndimalemba masamba khumi kumasulira ndime imodzi ya buku, kapepalako sindinakayang'ane n'komwe.

Sabata yomwe inatsala ya holide ndinaithera pofunafuna masokosi ena. Kupempha achimwene kuti atumizenso sindikanatha. Aliyense amene ali ndi m'bale kunja akudziwa kuti kathumba kalikonse kofika kuno ndi chakudya chomwe wina anadzimana kumeneko. Ndalama yomwe ndinali nayo inali yoyendera pobwerera kusukulu, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale kaunjika analeka kukhala wa amphawi.

Mnyamata wogulitsa masokosi mumsika wa Zomba anandilandira ndi manja awiri. "Zonsezi ndi wulu, achimwene, sankhani." Sankanama mwadala. Kuno chilichonse chokhuthala ndi chofewa timachitcha wulu, ngakhale ulusi wambiri womwe amayi amagula wolukira zipewa za ana ndi akiriliki, pulasitiki yopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi. Ndinagula peyala imodzi yokongola, kupita nayo kwa agogo, iwo n'kusolola kaulusi kamodzi mkati mwa sokosi, kukayandikiza ku moto wa machesi. Kanasungunuka, kununkha ngati jumbo yopsa, n'kusiya kampira kakuda kolimba. "Awa ndi ako," anatero. "Ubwererenso."

Mayeso amenewo ndi osavuta, ndipo aliyense angawachite, bola kusamala zala. Thonje limayaka msanga ndi lawi, limanunkha ngati pepala lopsa, phulusa lake n'lofewa, lotuwa. Ubweya umayaka monyinyirika, umazima wokha ukauchotsa pamoto, umanunkha ngati tsitsi lopsa kapena mbuzi yowawulidwa, ndipo kotsalako ukakafinya kamafumbutuka. Silika amachita chimodzimodzi. Pulasitiki imasungunuka. Masokosi ambiri ndi osakaniza, chifukwa opanga amaika nailoni kuti chidendene chisabooke msanga ndi lasitiki kuti asagwe, choncho fungo limatha kubwera pawiri. Pamsika sungayatse katundu wa mwini, koma dzanja limaphunzira. Ubweya ukaufumbata n'kuusiya umabwerera mmene unalili, ndipo ukanyowa umamveka kafungo ka nkhosa. Ulendo wachitatu ndinapeza peyala imodzi yakuda, yokhuthala, yothetheka pang'ono pachidendene. Agogo anayatsa kaulusi, kununkhiza, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Tisanawapereke kwa bambo anandichapitsa iwo akuyang'ana. Ndikulemba apa momwe anandiuzira, chifukwa ena a inu muli nawo masokosi otere m'sutikesi osadziwa. Madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono, oti ungasambitsire khanda. Sopo akhale wofatsa, wosambira kapena shampu ya tsitsi, ndipo umusungunule kaye m'madzi, osapaka pa sokosi. Tembenuza masokosi kunja kukhale mkati, chifukwa litsiro la phazi lili mkatimo. Aviike kwa mphindi khumi, kenako uziwafinya mofatsa m'madzimo ngati ukukama, osafikisa, osamenyetsa. Tsukuluza ndi madzi ofanana kutentha ndi oyamba aja mpaka thovu litatha. Osapotokola. Ayale pa thaulo louma, kulunga thaulolo ngati mkeka, n'kulikanikiza kuti limwe madzi. Kenako awongole abwerere mmene analili, uwagoneke pamthunzi podutsa mphepo. Ukawapachika pachingwe ali onyowa, kulemera kwa madzi kumawatalikitsa. Ukawaika pafupi ndi mbaula, akhwinyata.

Nditamva za mthunzi ndinatsutsa. Tonsefe tinaleredwa ndi mantha a mphutsi. Ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zachinyezi, makamaka zoyalidwa pansi kapena zoyanikidwa pamthunzi, ndipo ukazivala kamphutsi kamalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. N'chifukwa chake amayi athu amasita chilichonse, mpaka zamkati. Tsono ubweya ukufuna mthunzi, ntchentche nayonso ikufuna mthunzi. Malangizo olembedwa ku London kapena ku Cape Town sayankha funso limeneli, chifukwa amene anawalemba sanafinyepo mphutsi pamwendo. Agogo anali nalo yankho. Masokosi a ubweya amaumitsira m'nyumba, pafupi ndi zenera, pampando kapena pa lichero lovundikira, osati pansi, ndipo nyengo ya mvula pomwe ntchentchezi zimachuluka amawaphimba ndi kansalu ka neti. Akauma amayalapo kansalu konyowa pang'ono n'kudinda ndi simbi yosatentha kwambiri, osaikhwekhwereza, osafika pa lasitiki. Pa simbi yamagetsi ndi pa madontho awiri. Madontho atatu ndi a thonje.

Mdani wina ndi njenjete. Timphutsi take timadya keratin, choncho timasiya malaya a thonje n'kukaboola juzi ndi masokosi a ubweya, makamaka osungidwa ndi thukuta. Nyengo yozizira ikatha mu August, masokosi otere achapidwe kaye, aume gwa, kenako atsekeredwe m'chitini kapena m'thumba lomanga bwino mpaka May. Ubwino wake, ubweya suchedwa kutaya fungo ukaupatsa mpweya, choncho sufuna kuchapidwa tsiku ndi tsiku. Njira ya bambo yovala peyala imodzi inayo ikupuma inali yolondola kuyambira pachiyambi.

Tsopano za thonje, zomwe zikutikhudza tonse okhala m'mahositelo. Tivomereze, anyamata, pali zipinda zina zomwe mlendo akagogoda timayamba taponya masokosi pansi pa bedi. Fungo lija si la thukuta lokha. Ndi la mabakiteriya omwe amadya thukuta ndi khungu lakufa, ndipo amasangalala m'malo ofunda achinyezi. Momwemonso mumakula matenda aja oyabwa, osupula khungu pakati pa zala. Sokosi ya thonje ivalidwe tsiku limodzi basi. Itembenuzidwe, iviikidwe m'madzi ofunda a sopo, ifikisidwe bwino pachidendene ndi kuzala, itsukuluzidwe mpaka sopo atheretu, chifukwa sopo wotsalira ndiye amaiumitsa gwa ngati chikonyo. Iyanikidwe padzuwa, pachingwe, yopanidwa kuzala kuti lasitiki isakokeke. Jiki wa tsiku ndi tsiku ndi simbi yotentha pa lasitiki ndizo zimachititsa kuti sokosi izigwera m'nsapato pakatha mwezi. Ndipo chizolowezi chathu chochapa 11 koloko usiku, kupachika pazenera, n'kuvala ali achinyezi pothamangira kalasi ya m'mawa, chimabweza fungo lonse lomwe tinachotsa. Mapeyala atatu otchipa osinthanitsa amaposa imodzi yodula yosauma.

Palinso masokosi omwe ayamba kuoneka m'mashopu olembedwa kuti ndi a nsungwi. Nsungwi ndi chomera ndithu, koma ulusi wofewawo sumachoka ku nsungwi monga thonje limachokera ku mbewu yake. Amasungunula nsungwizo ndi mankhwala n'kupanga ulusi wotchedwa viscose. Ulusi umenewu, mosiyana ndi thonje, umafooka ukanyowa, choncho sufuna mwala kapena kupotokola. Silika, ngati mungamupeze wosakanizidwa m'masokosi opyapyala a suti, ndi wa ku nyama, wopangidwa ndi mbozi, ndipo malamulo ake ndi a ubweya aja. Chimodzimodzi mohair, ubweya wa mbuzi za Angora zomwe amaweta kwambiri ku South Africa ndi ku Lesotho, womwe achibale athu a kumeneko amatha kutitumizira.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akuseka. Dziko lili ndi mavuto a mafuta, a ndalama zakunja, a ntchito zosowa tikamaliza maphunziro, ndiye wophunzira mnzathu akulemba za masokosi? Sekani, nanenso ndikanaseka chaka chatha. Koma taganizani chifukwa chake ndinalakwa. Sikuti nzeru yake inali kutali. Inali m'nyumba yachitatu kuchokera pathu, mwa mayi wokalamba amene ndimamupatsa moni m'mawa uliwonse. Sindinafunse chifukwa sindinaganize kuti pa kuchapa pali choti munthu n'kufunsa. Kusekondale phunziro la Home Economics tinkati ndi la atsikana, ndipo anyamata olitenga tinkawaseka. Kunyumba zovala zanga ankachapa amayi ndi mlongo wanga mpaka tsiku lomwe ndinanyamula sutikesi kupita ku Zomba. Ndinakula ndikuona zovala zikuchoka zakuda n'kubwera zoyera, ndipo ndinaganiza kuti pakatipo pamangofunika mphamvu ndi sopo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo sindinadye ndekha, anadya ndi bambo anga, usiku wonse, panja.

M'kalasi timakambirana kwambiri za nzeru za makolo ndi momwe atsamunda anazipeputsira. Timalemba bwino za izo, ndipo timakhoza. Koma ntchito ya manja yomwe akazi a m'nyumba mwathu amagwira tsiku lililonse timaipeputsa ifeyo, popanda mtsamunda wotituma. Mayi amene amadziwa kuti chitenje ichi chimasuluka, malaya awa safuna dzuwa, juzi iyi isapotokoledwe, akusunga ndalama za banja mofanana ndi amene akuzipeza. Sitimuwerengera chifukwa zomwe wapulumutsa sizioneka. Chimaoneka ndi chomwe chawonongeka, tsiku lomwe iye wapita kumaliro.

Ena anganene kuti masokosi ndi otchipa, akatha ugule ena. Kwa wophunzira wodikira ndalama ya ngongole ya boma, kapena mlonda amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, mawu akuti "ugule ena" ndi a anthu ena. Ndiponso otchipa omwe adzaza pamsikawo ambiri ndi apulasitiki, osunga fungo, osafunditsa phazi likanyowa. Abwino amapezeka mwamwayi, ndipo ukawapeza uyenera kudziwa kuwasunga. Agogo anandionetsanso kutseka pothetheka pachidendene paja. Analowetsa babu lakufa mkati mwa sokosi, n'kuyendetsa singano uku ndi uku, kenako mopingasa, kulukamo kansalu katsopano bowo lisanabadwe. Zinawatengera nthawi yochepa kuposa yomwe ine ndimathera posankha chithunzi choika pa WhatsApp.

Bambo ndinawapatsa masokosiwo madzulo a tsiku loti mawa lake ndibwerera kusukulu. Anawagwira, kuwafumbata, kuwasiya, kuona akubwerera. Anavala, n'kuyendetsa zala mkatimo.

"Ndalama yoyendera yatsala?"

"Yatsala, ababa." Inali itatsala yofikira pa Songani basi, kotsalako ndinayenda wapansi ndi chikwama kumsana mpaka galimoto ya munthu wodziwana naye inanditola.

"Awa azichapa ndani?"

"Ndikabwera ndizichapa ndine."

"Ukamabwera uziyamba wadzera kwa agogo ako."

Achimwene ndinawauza patapita miyezi iwiri, pa foni, nditasowa poyambira. Anakhala chete kanthawi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati nawonso mwezi wawo woyamba ku Joni anaika juzi ya abwana awo m'makina ochapira pa madzi otentha, ndipo inatuluka yokwana galu wa pakhomopo. Anaidula pa malipiro.

A ku Joni aja akadalipo. Mwana wa mlongo wathu wamkulu amawavala popita kusukulu m'miyezi yozizira, mkati mwa nsapato zake zapulasitiki. Ndi olimba, achikasu mwa apo ndi apo, ndipo sangakhwinyatenso kuposa pamenepo, choncho amayi ake amawachapa pamwala limodzi ndi zina zonse. Iye amauza anzake kuti anamugulira ndi amalume ake a ku yunivesite.